Kalata kwa akuluakulu oyang'anira nkhalango ndi nyama zakutchire: amalume tawaika, inu simunabwere

Mabwana olemekezeka, inu a boma amene mumaona za nkhalango, inu a mabungwe osamala nyama, ndi inunso eni makampani a safari, ndakupatsani moni nonse. Muli bwanji kumaofesiko? Ife kuno ku Mufakose tingoti tadzuka, paja tangosesa kumene sabata yathayi, abale ena ochokera ku Chegutu sanabwerere n'komwe.

Ine ndine mzimayi wamba, ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu, kulemba kalata kwa anthu ngati inu sindinayambe ndayesapo, koma paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndi chilankhulo chimene amalume anga ankabwebwetera malungo akawagwira, komanso ndikudziwa kuti m'maofesi mwanumo muli zidzukulu za anthu a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi zimene zimamva bwinobwino, kungoti zikavala taye zimayamba kuiwala. Amene simukumva pemphani anzanuwo akumasulireni. Inunso amene mukuwerenga pafoni ku Mbare, ku Tafara, ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa, itumizeni ipite mpaka ikafike pa tebulo loyenera.

Amalume anga, mchimwene wawo wa amayi, mwini mbumba wathu, anagwira ntchito ya ugemu ndi kulondola nyama kuchigwa cha Zambezi zaka 38. Anayamba mu 1974 ali mnyamata wopanda ndevu, anabwerako mu 2012 akutsimphina. Anayambira pa kampani ina ya alenje, kenako analowa bungwe lina losamala nyama, mayina sinditchula chifukwa sindinabwere kudzachititsa munthu manyazi, eniake akudzidziwa. Atatisiya tinaimba foni ku ofesi ya kumene anapumirako, anayankha mtsikana waulemu ndithu, anati pepani kwambiri tiwauza abwana. Tinadikira. Tinagona pa siwa masiku atatu, a mpingo anabwera, a beriya sosayiti anabweretsa bokosi ndi basi, anzawo awiri okalamba amene ankayenda nawo m'tchire anabwera pa kombi ndi ndalama zawo, mmodzi wosaona bwino akuchita kumugwira dzanja. Kuchokera kwa inu sikunabwere munthu, sikunabwere kalata, olo kathumba ka ufa ka chipepeso.

Zikanathera pomwepo mwina ndikanangokhala chete ngati mmene timachitira. Chimene chandidzutsa ndi ichi. Mwezi womwewo mwana wanga anandionetsa pa Facebook zithunzi za phwando lina pa hotela ina mtauni muno, anthu atatchena masuti akupatsana mphoto zolemekeza amene anapereka moyo wawo wonse kusamala chilengedwe. Zabwino, sindikuchitira nsanje munthu, ena mwa iwo anavutikadi. Koma kumbuyo kwawo pakhoma anaika chithunzi chakale cha anthu ataima pambali pa chipembere chogonekedwa ndi jekeseni, nde chakumapeto kwenikweni, phewa limodzi litadulidwa ndi kamera, kuli munthu wamtali wanyamula mfuti ndi chigubu cha madzi. Amayi anangoti awa ndi achimwene awa, n'kuyamba kulira. Pansi pa chithunzicho analemba dzina la bwana mmodzi yekha, ena onsewo anangoti ndi omuthandizira.

Ndikuuzeniko pang'ono za womuthandizira ameneyo, poti mwina fayilo yake inasowa.

Amalume ankayenda ndi kansanza komanga phulusa m'thumba la malaya. Akafuna kudziwa kumene mphepo ikulowera ankangokagwedeza pang'ono n'kuona kumene phulusa likupita, chifukwa chipembere sichiona patali koma mphuno ndi makutu ake si masewera. Ndowe za njovu ankazipisa chala, akati zikadali zofunda ndiye kuti gulu lili pafupi, akaziphwanya n'kuona zimene yadya ankakuuzani kumene yachokera ndi kumene ikukamwa madzi. Miimba ikamazungulira iwo ankasiyanitsa kuti apa yapha ndi mikango, apa aphapo ndi anthu. Ngakhale atapuma luso limeneli silinawachoke, kuno ku Mufakose nkhuku zathu zitabedwa usiku anadzuka m'mamawa, anazungulira nyumba kamodzi akuyang'ana pansi, n'kunena kuti wakubayo wavala patapata wodyeka chidendene chakumanzere ndipo si mlendo pano. Anapita okha kukagogoda pakhomo lina mzere wachitatu, nkhuku zinabwera madzulo, mlandu unathera pa kuseka. Ana am'dera lino ankawatcha sekuru a njovu, ndiye kuti agogo a njovu m'Chishona.

M'zaka za m'ma 1980 kuchigwa kuja kunali nkhondo yeniyeni ya zipembere, anthu ankaoloka Zambezi ndi mfuti zankhondo kudzafuna nyanga, boma linayambitsa ntchito yoteteza zipembere yotchedwa Operation Stronghold, anthu anafa mbali zonse ziwiri. Amalume anali m'tchire nthawi imeneyo, milungu iwiri itatu osaona denga, kugona pansi pa mitengo ya tsanya osakoleza moto kuopa kuonedwa, kashembe akuwaluma usana udzudzu usiku. Zipembere zotsala zitayamba kusamutsidwira ku malo otetezedwa kwambiri ngati Sinamatella, Matusadona ndi Matobo, ndi ku makonsevensi a kumwera, ankazipeza ndani kuti dokotala azibaye jekeseni? Ndege imaona pamwamba, koma m'zitsamba zowirira za kuchigwa amalowamo ndi munthu wapansi. Khutu lawo lakumanja linagontha ndi kulira kwa mfuti. Mwendo unathyoledwa ndi njati imene inali ndi waya wa msampha m'khosi, anawanyamula pa machira a mitengo tsiku lonse kukafika pamene galimoto ikanatha kufika. Ana awo anakula akuwaona kawiri katatu pachaka, wamng'ono ankathawa akawaona, kumati kwabwera asilikali.

Ndiye dandaulo langa loyamba ndi la mayina. Dziko lino limadziwa kulemekeza likafuna. Damu la Kariba litatsekedwa madzi n'kuyamba kukwera, kuyambira 1958 mpaka 1964 kunali Operation Noah, nyama pafupifupi 6,000 zinapulumutsidwa pa zilumba, mpaka ankaluka masokosi a nayiloni a azimayi kukhala zingwe zomangira miyendo ya nyama kuti zisachekeke. Amene ankatsogolera, Rupert Fothergill, lero ali ndi chilumba cha dzina lake pa nyanjayo. Ted Davison amene anayamba kuyang'anira nkhalango ya Hwange mu 1928 ali ndi zaka 22 dzina lake lilipo mpaka pano, alendo amagona pa kampu ya dzina limenelo. Anagwira ntchito, sindikutsutsa. Koma taonani zithunzi za nthawi imeneyo, amene ali m'madzi ofika m'chifuwa atagwira ukonde, amene akukumbatira nguluwe ndi mbawala, amene akupalasa bwato, ndi anthu akuda. Funsani mwana wasukulu aliyense atchule dzina la mmodzi yekha mwa iwo muone ngati atsegule pakamwa.

Ngakhale mkango unatiposa. Cecil, mkango wa ku Hwange, ataphedwa mu July 2015 ndi dokotala wa mano wa ku America, dziko lonse lapansi linalira, chithunzi chake anachionetsa pa khoma la Empire State Building ku New York, ife tinkaonera pa TV amalume ali pomwepo. Iwo anangopukusa mutu n'kuti mkangowo unaphedwa moipa zedi, koma anzanga anayi amene ndinawanyamula ndi manja angawa sanalembedwe olo pa chitseko cha ofesi. Sananene mokwiya, amalume sankadziwa kukwiya, mwina n'chifukwa chake munawaiwala msanga.

Ndisanamizire kuti palibe chimene chasintha. Clive Stockil wa ku Save Valley analandira mphoto ya Tusk, bungwe la ku Britain losamala nyama, ya ntchito ya moyo wonse mu 2013. Amos Gwema analandira ya malenja, alonda a m'nkhalango, mu 2020, ndipo mu 2023 anapatsa Jealous Mpofu, amene wakhala zaka zoposa 20 akulondola mimbulu ku Hwange. Tsiku limenelo amalume anasangalala ngati walandira ndi mwana wawo, anati tsopano ayamba kuona munthu woyang'ana pansi. Atsikana a Akashinga, gulu la malenja aakazi ku Phundundu, nawonso akutchuka, ndipo ndi zonyaditsa. Komabe mphoto za Tusk zija zimachokera ku London. Kodi mpaka Prince William, amene amapereka mphotozo, ndiye adziwe kuti kuno kuli anthu, inu muli pompano? Ndipo mphoto imapita kwa mmodzi pachaka, nanga mazana enawo amene anapuma kale, ali ku Epworth ndi ku Hopley akudwala?

Lachiwiri ndi penshoni, ndipo apa ndiye pamandiwawa kwambiri chifukwa ndinkayenda nawo ndine. Mwezi uliwonse kwa zaka zambirimbiri ankawadula ndalama pa malipiro, masilipi ake alipo, anawasunga m'thumba la pulasitiki mu tiranki limodzi ndi jombo zawo zomaliza. Kenako inabwera 2008, nonse mukukumbuka, mitengo kukwera m'mawa ndi madzulo mpaka kumayambiriro kwa 2009 tinagwira pepala la 100 trillion losagula n'komwe buledi, chaka chomwecho tinalowa mu dola ya America, nde ndalama za anthu zimene anasunga moyo wonse zinangosungunuka ngati mchere m'madzi. Boma lomwe linavomereza kuti anthu analakwiridwa, linakhazikitsa komishoni ya Justice Smith mu 2015 ndipo inanena kuti anthu abwezeredwe. Mu 2019 ndalama zinasinthanso, mu 2024 kunabwera ndalama ina yotchedwa ZiG. Amalume pa zonsezi chimene ankalandira chinali choti ukakwera kombi kupita mtauni kukatenga ndi kubwerera, chotsala ugule shuga ndi sopo basi. Tinapita ku ofesi ina kasanu, ulendo uliwonse fomu yatsopano, ulendo womaliza anatiuza kuti zaka zimene anagwira pa kampani yoyamba sizikuoneka mu kompyuta chifukwa kampaniyo inagulitsidwa kawiri. Amalume anatulutsa chithunzi, anatulutsa baji, anavula nsapato kuonetsa mwendo wa njati uja. Mnyamata wa pa kauntala anachita manyazi, ndinamumvera chisoni, si iye analakwa.

Inu mukamalemba malipoti opita kwa opereka thandizo akunja mumawerenga njovu, mumawerenga zipembere zimene zabadwa, mumawerenga misampha ya waya imene yachotsedwa. Mlendo mmodzi wogona usiku umodzi m'makampu ena a ku Mana Pools amalipira ndalama imene amalume sanaigwirepo pa chaka chonse cha penshoni. Mana Pools yomweyo inalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, nthawi imene anthu ngati amalume ankagona ndi mfuti pachifuwa kuti mukhale chinthu choti alendo adzaone. Sindikupempha zachifundo ayi, ndikufunsa kuti mu bajeti ya nkhalango mzere wa anthu okalamba uli pati.

Lachitatu ndi chitupa, ndipo ili ndi lathu ife a Chichewa, a Chiyao, a Chisena ndi a Chinsenga. Agogo anabwera kuno pa Ulere, magalimoto aulere aja onyamula anthu odzagwira ntchito, kuchokera ku Ntcheu, anagwira m'mafamu a fodya cha ku Karoi, amalume anabadwira pafamu pomwepo, ku Malawi anangopitako kamodzi kukaika maliro. Koma chitupa chawo chinali cholembedwa kuti ndi mlendo. Lamulo la unzika litasintha mu 2001 anthu ambiri obadwira konkuno anapezeka kuti si a kuno si a uko, amauzidwa kuti akakane unzika wa dziko limene sanakhaleko. Malamulo aakulu a 2013, gawo 43, anakonza zimenezi, anati amene anabadwira muno malamulowo asanatuluke, kholo lake lili la m'maiko a SADC ndipo akukhala konkuno, ndi nzika yobadwa. Papepala zinatheka. Koma munthu amene ali m'tchire miyezi 11 pachaka, wopanda satifiketi yobadwira chifukwa pafamu sankalembetsa ana, akaima liti pa mzere? Munkawakhulupirira kuwapatsa mfuti ndi zipolopolo kuti ateteze chuma cha Zimbabwe, koma palibe bwana mmodzi amene anati tiyeni tikuperekezeni mukakonze chitupa. Anakonza atapuma, ine ndi mwamuna wanga tikuthamanga nawo. Ena mwa anzawo mpaka lero sanakonze, ndiye penshoni ingatuluke bwanji dzina la pa chitupa likusiyana ndi la pa fayilo, poti mabwana akale ankangolemba dzina limene lawafewera pakamwa, wina Phiri kumulemba Peri, wina kungomupatsa dzina la tsiku limene anabwera.

Pamaliro paja wina woyandikana nafe, si mwachipongwe, anati kodi mabhurandaya, dzina limene amatitcha ife a makolo ochokera ku Malawi, nawonso ankagwira za nyama, ine ndimayesa ndi za m'migodi ndi kuphika kwa azungu basi. Ndi mmene mbiri imafera imeneyo.

Lachinayi ndifupikitsa. Ntchito imeneyi imapha ndipo imalumaza. Mu 2013 ku Hwange njovu zoposa 100 zinafa ndi poizoni wa cyanide amene anthu anathira m'madzi ndi pa mchere, miimba yodya mitemboyo inafanso, amene anapita kukakwirira ndi kutentha zonsezo ndi malenja. Kumapeto kwa 2019 malenja awiri anagwira anthu opha nyama mozemba ku Matusadona, akuwatengera ku Kariba pa boti, mitembo yawo inapezeka m'nyanja chaka chatsopano chitangoyamba. Pa 31 July chaka chilichonse mumachita mwambo wa tsiku la malenja, mumaguba, mumaimirira chete mphindi imodzi. Ikatha mphindiyo akazi amasiye amabwerera ku chiyani? Akazi awo a amalume pano ali ndi ife, mankhwala a BP timagula ndi ndalama ya makina osokera. Miyezi yomaliza amalume ankafunika ekisirei ya chiuno, tinachita kusonkha pa gulu la WhatsApp la kumpingo.

Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, nde moto wathu tabwera nawo kwa inu. Zimene tikupempha ndi izi, ndakambirana ndi anzawo awiri aja komanso amayi ena atatu amasiye, si maganizo anga ndekha.

1. Lembani kaundula wa onse amene anagwirapo ntchito ya ugemu, kulondola nyama, kupalasa mabwato ndi kunyamula katundu m'nkhalango za dziko lino, a boma ndi a makampani omwe, amoyo ndi omwalira. Musadikire kuti abwere ku ofesi, ambiri sangathe kukwera masitepe anuwo. Tumizani anthu m'makomboni, funsani ku CCAP, ku mizikiti, ku maberiya sosayiti, ngakhale kwa akuluakulu a gule, amadziwana onse ndipo sabata imodzi mudzadzaza buku.

2. Pa geti la nkhalango iliyonse pakhale mwala kapena bolodi la mayina a amene anafera pa ntchito ndi amene anagwira zaka zoposa 20, mayina awo enieni olembedwa bwino, mutafunsa abale kalembedwe kake. Ndipo zithunzi zakale zimene mumapachika m'mahotela ndi m'malipoti, musanazipachike fufuzani kuti enawo ndani. Chija cha chipembere chija ife titha kukuuzani anthu atatu.

3. Unikaninso penshoni za amene anapuma, makamaka amene ndalama zawo zinatha mu 2009 ndi 2019, ndipo kampani ikagulitsidwa wogulayo azitenga ndi zaka za antchito zomwe, asamangotenga malo ndi magalimoto. Pa ndalama imene mlendo amalipira pa geti kapena pa bedi, patulanipo kachigawo kodziwika kapite ku thumba la okalamba ndi amasiye, ndipo chaka chikatha muzilengeza poyera kuti munalowa zingati, zapita kwa angati.

4. Amene anavulala pa ntchito azilandira chithandizo cha kuchipatala mpaka imfa, osati mpaka tsiku lopuma. Mwendo wothyoledwa ndi njati supuma nawo ntchito.

5. Thandizani antchito anu ndi amene anapuma kukonza zitupa ndi masatifiketi, kalata imodzi yochokera kwa inu yotsimikiza kuti munthuyu tinali naye zaka zakutizakuti imatsegula zitseko zimene ife timagogoda chaka chonse.

6. Itanani okalamba amene atsala akaphunzitse achinyamata, muziwalipira ngati aphunzitsi osati kuwapatsa tisheti ndi mbale ya mpunga. Ma drone ndi ma GPS ndi abwino, koma batire likatha m'tchire mwana wanuyo adzafunika kudziwa zimene udzu wopindika ukunena. Mu tiranki ya amalume tapezamo kabuku kakuda kamene anajambulamo makutu a zipembere chimodzichimodzi ndi mmene anawachekera, pambali analemba kumene chilichonse chinkakonda kumwa madzi, m'Chichewa chosakaniza ndi Chishona. Mukakafuna kuti mukasunge ku malo oyenera bwerani tikambirane, koma tikufuna dzina lawo likhale pachikuto.

7. Ndipo munthu wanu akamwalira, bwerani. Olo mutatuma dalaivala ndi kalata. Kwathu maliro salira kuitana.

Anzawo awiri aja, mmodzi ali ndi zaka 79, winayo sadziwa bwino zaka zake koma akuti nthawi ya Kariba anali atayamba kale kuweta mbuzi. Ali moyo lero, mawa sitidziwa, ndiye ngati pali mendulo kapena satifiketi imene mukusunga mu kabati kudikira phwando lina, apatseni pano akadali ndi manja olandirira. Wosaona bwino uja pochoka anandigwira mkono n'kunena kuti mwanawe ukalembe, ife sukulu sitinapite, koma uwauze kuti sitikufuna kukangana ndi munthu.

Ndalemba, ndipo sindinatukwane aliyense. Amalume tinawaika ku manda a Granville, ku Mbudzi, mzere wakumapeto kufupi ndi msewu wafumbi. Mwala wa pamanda tikusonkherana, tikufuna kudzauvundukula mvula ikatha chaka chamawa, wosema uja watifunsa kuti pansi pa dzina tilembepo chiyani ndipo tamuuza kuti ayambe wasiya mpata, mwina inu muli ndi mawu amene mungafune kuikapo. Tsiku lake tidzalengeza pompano pamene mwaiona kalatayi. Mipando iwiri ya kutsogolo tidzakusungirani, nsima idzakhalapo.

Ine wanu mwaulemu,
Mphwa wawo wa malemu, Mufakose, Harare